Bango Lotsiriza la ba Yosefe

Kalenga anagwada pampopi wa kuseri kwa nyumba ya maliro ku Woodlands, natulutsa kansalu kofiira m'thumba la m'kati mwa jekete. Kunali kutangocha, mphepo ya Julaye ikuluma makutu. Kumaso kwa nyumba amuna anali kusasa phulusa m'mabuluku, ndipo m'kati azimayi anali atayambanso kuimba. Mnzake wa pamtima, ba Yosefe, anali woti aikidwe m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanafike pamutu, ndipo Kalenga anali ndi lonjezo loti akakwaniritse pamandapo: kuliza nyimbo imodzi ndi chitoliro cha malemuyo.

Chitolirocho dzina lake ndi duduku. Chinali chakuda, chosalala chifukwa cha mafuta ndi zala, chosemedwa kuchokera ku mtengo wa zipatso wa kwawo kwa ba Yosefe ku Armenia. Pambali pake panali bango lake, kachidutswa kaphwatalala kotalika ngati chala, kamene amalowetsa kumutu kwa chitoliro. Liwu lonse limabadwira m'bangomo. Popanda ilo, duduku ndi mtengo wobowola basi.

Kalenga anachita monga anaphunzitsidwira. Anadontheza madzi pang'ono m'kati mwa bango, nalikhutchumula, nawataya. Anabwezera kachivindikiro kukamwa kwake, naliimika panjerwa, nkudikira. Bango silikakamizidwa, likamwa madzi okwana limatsegula lokha kamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atavundukula, analikweza m'mwamba kuti alione bwino. Linali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, koma unayambira kukamwa mpaka pakati. Analiika pamilomo, nauzira. Kunangomveka mpweya, fwii, ngati tayala lobooka. Anauziranso. Chimodzimodzi.

Anakhala pansi pamatope osadziwa kuti wakhala. Limeneli linali bango labwino lotsiriza, ndipo momwe iye ankadziwira, mu Lusaka monse munalibe lina.

Wolakwa sanachite kumufuna patali. Tsiku loyamba la maliro, mkazi wa malemu, ba Salifyanji, anamuuza kuti asiye duduku pamwamba pa wodulopu kuchipinda, pozizira, pamene mwini wake ankamusunga. Kalenga anayankha kuti pamaliro pamabwera anthu amitundumitundu, ena amanja ataliatali, bola akhale naye iye. Zinamveka zanzeru, koma zoona zake n'zakuti anali atadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti chitoliro chimenecho chikhale m'manja mwake, ndipo sanafune kusiyana nacho ngakhale ola limodzi. Tsono pamaliro amuna amagona panja, mozungulira moto. Masiku atatu Kalenga anakhala pafupi kwambiri ndi chikuni, chifuwa chili kumoto, bango likuuma m'thumba. Kangapo konse ankati adzuke akaliike m'nyumba, koma ankati pang'ono, ndiyambe ndafundidwa. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Ba Yosefe dzina lawo lenileni linali Hovsep, koma malilime a ku Lusaka analikana, nkuwabatizanso. Anabwera m'masiku a chipani chimodzi kudzakonza mainjini a mabasi a kampani ya boma, ndipo Kalenga anali makanika wachinyamata pansi pawo. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anamva kulira kuseri kwa basi yakufa, kulira kwa munthu wamkulu amene sakufuna kuti anzake amumve. Anapita kuti akapepese. Anapeza mzungu atakhala patayala, masaya atafufuma ngati chule, akuliza kamtengo.

"Ni nyimbo yabwino, bwana," anatero Kalenga.

"Ni hafu chabe," anayankha ba Yosefe m'Chinyanja chawo chopunduka. "Kwatu duduku saliza muntu mmozi. Wina aliza nyimbo, wina agwila liu limozi pansi, osaleka. Nyimbo ni muntu ayenda. Liu la pansi ni dothi pamene aponda. Ine niyenda mumwamba monga chipuku, mzimu wosaponda pansi."

Anali ndi duduku wachiwiri m'chikwama, ndipo mawa lake anamupatsa Kalenga. Koma asanamulole kuliza, anamuikira kapu ya madzi ndi kaphesi, kuti aziuzira thovu osalekeza, mpweya ukulowa m'mphuno pamene masaya akukankha wina kunja. Miyezi isanu ndi umodzi Kalenga anatsamwa, nakhosomola, anzake akumuseka. Mwezi wachisanu ndi chiwiri thovu silinadukenso.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Kalenga ankakwera minibasi kuchokera ku Kabwata kupita ku Woodlands. Ankakhala pakhonde, ba Yosefe kumanzere, iye kumanja, ba Salifyanji akusoka chapatali. Akatha kuliza ankapukuta zitoliro ndi mafuta a mtedza wosinja okha, n'kuumitsa mabango pamthunzi asanawavindikire. Ntchito ya Kalenga inali liwu limodzi. Limodzi lokha, zaka zonsezo. Anthu a ku Kabwata atamumva akuyeserera kuseri kwa nyumba anamupatsa dzina loti ba Filiji, poti ankangong'ung'udza osasintha ngati filiji, ndipo dzinalo linamumatirira.

Ba Yosefe analinso ndi kakhalidwe kena kotopetsa. Kalenga akayamba liwu lapansi, iwo sankalowa msanga. Ankatseka maso, duduku ali pamilomo, n'kungokhala. Mphindi imodzi, ziwiri, nthawi zina mpaka zisanu, maso a Kalenga atafiira.

"Muchedwa maningi kungena, mudala," ankadandaula akamaliza.

"Niyembekeza kuti pansi pakose, Kalenga jan," ankayankha, kutanthauza kuti palimbe. Jan ndi mawu achikondi a kwawo, ndipo ankawatchula kwa anthu awiri okha, mkazi wawo ndi Kalenga.

Kamodzi kokha Kalenga anapempha kuti alizeko nyimbo, iwo agwire pansi. Ba Yosefe anangoti, "Mailo." Mawa limenelo silinafike. Kalenga sanapemphenso, koma zala zake zinaiba nyimbo zonse, zikuyenda pabondo, pasipanala, pachigwiriro cha minibasi. Ankawakonda ba Yosefe kuposa mbale wake wobadwa naye, komabe pansi pa chikondicho panali kachakukhosi kamene sanauzepo munthu.

Kenaka zinthu zinayamba kutha chimodzichimodzi. Mabango ankabwera papositi kuchokera kwa mchimwene wa ba Yosefe ku Yerevan, khumi pachaka, atakulungidwa m'nyuzipepala ya zilembo zopindikapindika. Dziko lalikulu la Soviet litasweka, kwawoko kunabuka nkhondo, magetsi anazima, ndipo maphukusi analeka kufika. Makalata anapita, yankho osabwera. Awiriwo anapita mpaka ku Kafue kukadula bango la mumtsinje, koma lina linang'aluka posema, lina linalira ngati mbuzi yomangidwa. Kuno nako mphepo ya zipani zambiri inabwera ndi zake. Kampani ya mabasi inatsekedwa, anthu anabalalika, ena kukagulitsa salaula, zovala zakaunjika, ku City Market. Ba Yosefe anayamba kudwala mtima. Mabango anatsala awiri: limodzi labwino, ndi la Kalenga, lotopa, limene linkangokwanitsa liwu lapansi lija. Ba Yosefe analeka kuliza kuti labwinolo lisathe, ndipo kwa theka la chaka khonde lija linali zii.

Sabata imodzi asanamwalire anamuitanitsa Kalenga. Anali atagona chagada, dzuwa la masana likuwomba pabulangeti.

"Nenze kuona vikumo vako, zaka zonse viyenda pa nkokola," anatero, kunena zala zija zoyenda pabondo. "Uganiza nenze mpofu? Uiziba nyimbo ija ya amai anga."

Kalenga anaweramitsa mutu ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Nenze kuyopa," anapitiriza ba Yosefe. "Nenze kuti ukalawa nyimbo, suzafuna futi kugwila pansi, ine nizasala neka. Unikululukile. Pa manda uzaliza iwe, na duduku wanga, na bango ija yabwino."

"Nanga pansi azagwila ndani?"

"Ine. Nizankala nili pansi kale."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Kalenga anaseka nawo misozi ikutsika. Analonjeza.

M'mawa wa malirowo mkazi wa Kalenga, Helen, anamupeza pampopi paja atakhala pamatope, bango lili m'manja. Anabwera ndi ndowa kudzatunga madzi, maso otupa ndi kusagona.

"Bashi Becky, mwankala bwanji pa matika? Mwadwala?" anafunsa, pomuitana ndi dzina la mwana wawo.

Kalenga anangomuonetsa. Helen analiyang'ana, nayang'ana jekete, nayang'ananso cha kumene kunali moto. Sanali mkazi wofuna kuuzidwa kawiri.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Nanga tikamatika na guluu?"

"Siingalile."

"Sevenzesani yanu ija ili ku nyumba kaili."

"Yanga inalema. Siikwela pamwamba."

Helen anatula ndowa. "Mvelani. Bantu aba baziba chani pa nyimbo za ku Armenia? Lizani chabe vilivonse, pang'ono pang'ono, mukazinkala pansi. Ndani azaziba?"

Mawuwo anamukomera Kalenga kwa kamphindi, ndipo anachita manyazi kuti amukomera. "Ba mulamu bazaziba," anatero. "Naine nizaziba."

Komabe anathamangira ku Kabwata, poti munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Minibasi inamutula pamsika anthu akuyala kumene malonda. Kunyumba anatsekera chitseko, nanyowetsa bango lake lakale, nadikira, nalilowetsa mu duduku wa ba Yosefe. Liwu lapansi linatuluka bwinobwino, lonenepa, monga mwa masiku onse. Anatukula chala chimodzi, liwu linakwera. Anatukula chachiwiri, linanjenjemera. Pa chachitatu bango linatseka kukamwa, nkulira kwee, ngati nkhuku yopondedwa. Anasuntha kamphete kamene kamamanga bango, nayesanso. Anayesa kasanu. Nyimbo ya amayi a ba Yosefe inkayambira pamwamba penipeni, pamene bangolo silinkafika.

Anakhala pabedi, zitoliro ziwiri zili pamiyendo, nalira mokweza, kulira kumene sanalire tsiku limene anamva uthenga. Ankalirira mnzake, komanso, kunena zoona, ankadzilirira yekha. Mwayi umene anaudikira theka la moyo wake anali atauwotcha ndi chifuwa chake chomwe.

Maganizo oti asabwererenso ku Woodlands anamufikira. Akanatha kutumiza mawu kuti wadwala mwadzidzidzi. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anasintha buluku, nakulunga zitoliro zonse ziwiri, natuluka.

Ba Salifyanji anali pamatiresi pabalaza, atatsamira khoma, mutu wofundidwa chitenje, azimayi a kutchalitchi atawazinga. Mipando yonse inali itatulutsidwa panja. Kalenga anavula nsapato pakhomo, nayenda chogwada mpaka pamapazi awo. Azimayi anatsitsa nyimbo.

"Ba mulamu, nalakwa," anatero. "Bango yang'ambika. Nenze nayo mu jekete, pafupi na mulilo."

Ba Salifyanji anatukula chitenje pang'ono. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Ninakuuzani kuti muisiye pa wodulopu."

"Munaniuza."

"Iye anaisunga miyezi sikisi osaigwila. Masiku ena nenze kumupeza aiyangana chabe. Nenze kumupempa kuti anilizileko kamozi, ati iyayi, ni ya Kalenga. Nenze kufuna kuimvelako ka lasiti, ba Kalenga. Ndiye chamene chinanikosesa masiku aya yatatu."

Kalenga anatulutsa duduku wa malemu m'kansalu kofiira, namuika m'manja mwawo. Ba Salifyanji anamusisita ndi chala chachikulu pamabowo, pamene mtengo unali utadyeka ndi zala za mwamuna wawo.

"Abusa nabauza kudala kuti muzaliza," anatero osamuyang'ana. "Chitani vamene mungakwanise."

Anabwezera chitenje kumaso, ndipo azimayi anakweza nyimbo.

Ku manda a Leopards Hill kunali fumbi lofiira ndi mphepo. Maliro anali ambiri tsiku limenelo, monga zinkakhalira zaka zimenezo, ndipo nyimbo za magulu osiyanasiyana zinkasakanikirana m'mwamba. Anthu a ba Yosefe sanali ochuluka: abale a ba Salifyanji, azimayi a kwaya, ndi amuna makumi awiri kapena atatu a ku kampani ya mabasi, ovala masuti amene anayamba kuwakulira. Wochokera kwawo kwa malemu panalibe ndi mmodzi yemwe. Mbale wawo, ngati anali moyo, sankadziwa n'komwe kuti mng'ono wake akutsitsidwa m'dothi la eni.

Bokosi litatsika, abusa anawerenga mawu, natseka buku.

"Tisanafotsere," anatero, "ba Kalenga Mwape, mnzawo wa malemu, atiimbira nyimbo ya kwawo kwa ba Yosefe."

Kalenga anayenda mpaka kumutu kwa dzenje. Kumbuyo wina ananong'ona kuti, "Ba Filiji," wina namugunda ndi chigongono. Anatulutsa duduku wake, wakale uja anamupatsa ba Yosefe, nalowetsa bango lotopa. Anali ataganiza kale zochita: agwire liwu lake kwa kamphindi, kungoti mwambo uchitike, kenaka akabisale kumbuyo kwa anthu ndi manyazi ake.

Anatseka mabowo, nauzira.

Liwu linatuluka lotsika, lofunda, losagwedezeka. Linayenda pansi pa nyimbo za maliro ena aja, pansi pa mphepo, ndipo amene anali pafupi analimva m'chifuwa kuposa m'makutu. Kalenga anakoka mpweya ndi mphuno, masaya akukankha, ndipo liwu silinaduke. Kamphindi kamene anakonza kanakwana. Anati aleke, koma thupi linakana, poti pa zaka zonse zija iye sanayambepo waleka mnzake asanalowe. Mutu wake unapendekera wokha kumanzere, khutu likumvetsera kapumidwe kaja kamene ba Yosefe ankakoka asanayambe.

Apo m'pamene anazindikira chimene ankachita. Ankadikira.

Mphindi imodzi inatha. Anthu anayamba kuyang'anana, akudabwa kuti nyimboyo iyamba liti. Ofotsera manda anatsamira mafosholo awo. Mphindi yachiwiri, yachitatu. Mitsempha ya m'khosi mwa Kalenga inatupa, misozi ikudutsa pamasaya ofufumawo n'kudontha pachitoliro. Kachakukhosi kaja anakafuna mumtima osakapeza. Akanapereka nyimbo zonse zimene zala zake zinaiba kuti munthu wa kumanzereyo alowe kamodzi kokha, iye n'kugwira pansi mpaka kufa.

Helen anagwira pakamwa. Abusa anayang'ana wotchi, natsokomola, nayang'ananso. Kumbuyo kunali galimoto ya maliro ena ikudikira njira. Anayenda pang'onopang'ono, natambasula dzanja kuti amugwire Kalenga paphewa.

"Basiyeni, abusa."

Anali ba Salifyanji. Anali ataimirira, azimayi awiri atawagwira m'mikono, chitenje chitagwera m'mapewa. Duduku wopanda bango anali atamukumbatira pachifuwa, ndipo maso anali otseka monga ankatsekera mwamuna wawo.

"Basiyeni," anabwerezanso motsitsa. "Bayembekeza munzawo. Ba Yosefe bachedwa kungena masiku yonse."

Abusa anabweza dzanja. Palibe anakhudza fosholo. Kalenga anakokanso mpweya ndi mphuno, napitiriza kugwira pansi kuti palimbe.